Mfuti ndi ulenje m'nkhani za ku America: zimene atolankhani amaona ndi zimene zimawadutsa

Nkhani ya mfuti ku America imatifika mofanana pafupifupi nthawi zonse. Pa BBC, pa CNN kapena pa Facebook pamamveka kuti munthu wawombera ana pasukulu kapena anthu m'tchalitchi, timaona makolo akulira, andale amalankhula, ndipo pakatha masiku angapo nkhaniyo imazilala. Ambiri timatsala tikudzifunsa kuti nanga dziko lolemera chonchi limalephera bwanji kulanda mfutizo. Chimene sitimva kawirikawiri n'chakuti m'dziko lomwelo muli anthu mamiliyoni ambiri amene akamva nkhani yomweyo amakwiyira atolankhani. Amati olemba nkhani sadziwa mfuti, sanapiteko kosaka nyama, ndipo amaonetsa aliyense wosunga mfuti ngati chigawenga chimene chikungodikira tsiku lake. Nawonso amene amafuna malamulo okhwima ali ndi dandaulo lawo. Amati atolankhani amachita mantha, amangobwereza kuti uyu wati chakuti, uyo wati chakuti, kenako n'kuiwala mpaka tsoka lina ligwe.

Mkangano wokhudza kukondera unafika pachimake mu Julayi 2025, pamene nyumba ya malamulo ya dzikolo, Congress, inachotsa madola 1.1 biliyoni amene anali ataikidwa kale kuti athandize wayilesi ndi makanema a anthu onse. Pulezidenti Donald Trump ndi aphungu a chipani cha Republican ankanena kuti nyumba zimenezi zimapendekera mbali imodzi. Madandaulo awo ankakhudza nkhani zambiri, ndipo ya mfuti ndi imodzi mwa zimene anthu akhala akukangana nazo kwa zaka zambiri.

Wayilesi ya anthu onse si ya boma

Tikamva za wayilesi ya anthu onse, ambiri timaganiza za wayilesi imene boma limailipira ndi kuisankhira mabwana. Ku America sizili choncho. Mu 1967 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo limene linakhazikitsa bungwe la Corporation for Public Broadcasting, lomwe ntchito yake inali kulandira ndalama ku Congress n'kuzigawa ku wayilesi ndi makanema osachita malonda. National Public Radio, imene aliyense amangoitchula kuti NPR, inabadwa mu 1970 ndipo inayamba kuulutsa nkhani za tsiku ndi tsiku mu 1971. NPR ilibe wayilesi za m'madera. Wayilesizo ndi za mayunivesite, za mabungwe a m'deralo, zina ndi za mitundu ya eni nthaka a dzikolo. Zimagula mapulogalamu ku NPR, imene likulu lake lili ku Washington, n'kuwonjezera nkhani zawozawo. Ndalama zambiri zimachokera kwa omvera amene amasonkha mwa kufuna kwawo, ku makampani ndi ku mabungwe othandiza. NPR yeniyeniyo inkalandira kuboma mwachindunji pafupifupi dola imodzi pa madola 100 alionse a bajeti yake, koma wayilesi zing'onozing'ono za kumidzi, makamaka ku Alaska, zina zinkadalira thandizoli pa theka la ndalama zawo kapena kuposa.

Ndiye munthu akamati wayilesi ya anthu onse imadana ndi alenje, ndi bwino kufunsa kuti akunena iti. Pulogalamu yokonzedwa ku Washington ndi yosiyana kwambiri ndi nkhani za m'mawa pa wayilesi ya ku Montana kapena ku Wisconsin, ngakhale zonsezo zimamveka pamalo amodzi pa wayilesi ya womvera.

Nyumba zazikulu zofalitsa nkhani, zimene Amereka amazitchula kuti mainstream media, ndi monga New York Times, Washington Post, Associated Press, CNN, NBC, CBS ndi ABC. Fox News ndi yaikulu kuposa CNN pa chiwerengero cha oonera, koma iyo imadziika kunja kwa gululi ndipo imalidzudzula.

Mfutizo zili ndi ndani, ndipo n'zachiyani

Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba ku America anali ndi mfuti 393 miliyoni, kutanthauza mfuti 120 pa anthu 100 alionse. Izi sizikutanthauza kuti aliyense ali nayo. Kafukufuku wa Pew Research Center wa mu 2023 anapeza kuti akuluakulu 32 pa 100 alionse ndiwo ali ndi mfuti yawoyawo, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi zingapo. Kumidzi ndi anthu 47 pa 100, m'mizinda ikuluikulu ndi 20 okha. Pakati pa otsatira chipani cha Republican ndi 45, pakati pa a Democratic ndi 20.

Ufulu wosunga mfuti unalembedwa m'malamulo oyendetsera dzikolo mu 1791, m'ndime imene imatchedwa Second Amendment. Mu 2008, pa mlandu wa District of Columbia v. Heller, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu payekha, osati wa gulu la asilikali lokha, ndipo mu 2022 linawonjezera kuti umakhudzanso kunyamula mfuti kunja kwa nyumba. N'chifukwa chake funso loti bwanji osangolanda silimveka kwa Amereka monga limamvekera kwa ife.

Chinthu chimene chimasokoneza atolankhani ambiri ndi kusintha kwa chifukwa chosungira mfuti. Mu 1999 pafupifupi theka la eni mfuti ankati chifukwa chawo chachikulu ndi ulenje, ndipo otchula chitetezo anali 26 pa 100. Pofika 2013 zinali zitatembenuka. Mu kafukufuku wa 2023 uja, eni mfuti 72 pa 100 anati chitetezo ndi chifukwa chachikulu, pamene otchula ulenje anali 32. Alenje enieni, malinga ndi nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire, anali 11.5 miliyoni mu 2016 m'dziko la anthu oposa 320 miliyoni. Choncho mlenje ndi mwini mfuti si munthu mmodzi nthawi zonse. Komabe andale ndi atolankhani anazolowera kuwaphatikiza. Mu 2004 John Kerry, pofuna upulezidenti, anapita kukasaka atsekwe ku Ohio atavala zovala za alenje makamera ali pambuyo, kuti aonetse kuti sadana ndi mfuti. Andale ena akati "palibe amene akufuna kulanda mfuti yanu yosakira," mayi amene anagula pisitolo chifukwa chokhala yekha m'dera loopsa amaona kuti sakulankhula naye, ndipo mlenje amaona kuti akumugwiritsa ntchito ngati chishango.

Mfuti imalowa m'nkhani ikapha munthu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo sipafunika chiwembu kuti timvetse. Basi imene yafika bwino silembedwa m'nyuzipepala, imalembedwa imene yagubuduka. Munthu amene amadziwa mabasi kudzera m'nyuzipepala mokha angaganize kuti basi iliyonse ndi bokosi la maliro, pamene dalaivala amene wayendetsa zaka makumi awiri popanda ngozi amamva kuwawa kuti ntchito yake imangotchulidwa pa tsiku la imfa. Ndi mmenenso amamvera bambo amene amasunga mfuti yake m'kabati yokhoma, amaitulutsa kawiri pachaka, ndipo anaphunzitsa ana ake kuigwira mosamala monga anamuphunzitsira bambo ake. Moyo wake wonse ndi mfuti si nkhani. Akaiona mfuti ngati yake pa kanema, imakhala ili pafupi ndi chithunzi cha wakupha.

Chodabwitsa n'chakuti njira yomweyi yosankhira nkhani imabisanso imfa zambiri. Mu 2021, malinga ndi nthambi ya zaumoyo ya CDC, anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America. Mwa iwo, 54 pa 100 alionse anadzipha okha, ndipo 43 anaphedwa ndi anzawo. Amene anafa pa ziwembu zowombera anthu ambiri nthawi imodzi, ngakhale titawerenga mokuza, sanafike awiri pa 100. Koma ziwembu zimenezi ndi zimene zimatenga masiku athunthu pa kanema: pasukulu ya Columbine mu 1999, Sandy Hook mu 2012 kumene anaphedwa ana 20 ndi akuluakulu 6 pasukulu, pasukulu ya ku Parkland mu 2018, Uvalde mu 2022 kumene anaphedwa ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Palibe munthu wamtima amene anganene kuti nkhani zimenezi zisaulutsidwe. Vuto ndi lakuti zimakhala ngati ndizo nkhani yonse.

Kudzipha sikulembedwa kawirikawiri, ndipo pali chifukwa chomveka. Malangizo a akatswiri a zaumoyo, kuphatikizapo a World Health Organization, amachenjeza atolankhani kuti asamafotokoze njira imene munthu wadziphera, poopa kuti ena ovutika maganizo angatengere. Mabanja nawonso safuna kuti zimveke. Zotsatira zake n'zakuti imfa yofala kwambiri ya mfuti, imene imagwera kwambiri amuna achikulire a kumidzi m'madera monga Wyoming, Montana ndi Alaska, ili ngati kulibe. Ngakhale ntchito yabwino imene ikuchitika pa vutoli simveka kwenikweni. Mu 2016 bungwe la opanga ndi ogulitsa mfuti, National Shooting Sports Foundation, linagwirizana ndi American Foundation for Suicide Prevention kuti m'masitolo a mfuti muzikhala uthenga wothandiza anthu kuzindikira m'bale amene ali pachiopsezo. Ndi nkhani imene mbali ziwiri zodana zinakhala pamodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake sinakope makamera.

Chimodzimodzi kuphana kwa tsiku ndi tsiku. Anthu akuda ndi pafupifupi 13 kapena 14 pa anthu 100 a dzikolo, koma oposa theka la ophedwa ndi mfuti ndi akuda, ambiri anyamata a m'madera osauka a mizinda monga Chicago, Baltimore, St. Louis ndi Memphis. Imfa zawo zimalandira masekondi ochepa pa kanema wa m'deralo, mawu a apolisi okha, popanda dzina la sukulu imene anaphunzira kapena mayi amene wasiyidwa. Zida zimene zimagwira ntchito pa kuphana kumeneku ndi mapisitolo. Ziwerengero za 2020 za FBI, nthambi ya boma yofufuza milandu, zinaonetsa kuti mapisitolo anakhudzidwa pa milandu 59 pa 100 ya kupha ndi mfuti, mfuti zazitali zamtundu wa rifle pa itatu yokha, ndipo pa milandu yambiri yotsalayo apolisi sanalembe mtundu wa mfuti. Komabe mkangano wa pa kanema umakhala pa mfuti yaitali yakuda.

Mawu ndi manambala

Mfuti yakudayo ndi AR-15. Zilembo ziwirizo zimaimira ArmaLite, kampani imene inaipanga m'zaka za m'ma 1950, koma kwa nthawi yaitali atolankhani ena ankalemba kuti zimaimira assault rifle, dzina la mfuti ya asilikali imene imalavula zipolopolo mosalekeza munthu akangogwira kachitsulo kowombera. AR-15 yogulitsidwa kwa anthu wamba ndi yamtundu wa semi-automatic: ukakoka kachitsuloko kamodzi pamatuluka chipolopolo chimodzi, china n'kulowa chokha m'malo mwake. Mfuti zolavula mosalekeza zakhala zikuyang'aniridwa mokhwima kuyambira 1934, ndipo lamulo la 1986 linaletsa kugulitsa zatsopano kwa anthu wamba. Kwa mwini mfuti, mtolankhani wosasiyanitsa zimenezi wadziulula kuti sadziwa chimene akunena, ndipo china chilichonse chimene anganene pambuyo pake sichimvekanso. Kwa kholo la ku Sandy Hook, Parkland kapena Uvalde, kumene mfuti zamtunduwu zinagwiritsidwa ntchito, kusiyanitsa kumeneko sikuchepetsa kanthu pa zimene chipolopolo chothamanga kwambiri chimachita m'thupi la mwana.

Mbali iliyonse ili ndi dzina lake. Ofuna kuletsa amati assault weapon, mawu amene analowa m'lamulo la 1994 limene linatha mphamvu mu 2004. Makampani amati modern sporting rifle, kutanthauza mfuti yamakono yamasewera. Bungwe la Associated Press, limene buku lake la kalembedwe limatsatidwa ndi nyuzipepala zambiri, linalangiza mu 2020 kuti atolankhani azipewa mayina andalewo n'kumangofotokoza mmene mfutiyo imagwirira ntchito. Eni mfuti anayamikira, ofuna malamulo okhwima ena anati uku n'kugonjera.

Manambala ndiye amavuta kuposa mawu. Palibe tanthauzo limodzi lovomerezeka la chiwembu chowombera anthu ambiri. Gulu la Gun Violence Archive limawerenga chochitika chilichonse chimene anthu anayi kapena kuposa awomberedwa, afe kapena asafe, ndipo limapeza zoposa 600 m'zaka zina, monga 2022 ndi 2023. Magazini ya Mother Jones imawerenga zokhazo zimene munthu wapha anthu angapo pagulu popanda kuba kapena mkangano wa magulu a zigawenga, ndipo imapeza zochepa kwambiri, nthawi zambiri zosafika makumi awiri pachaka. Onse awiri sakunama. Koma mtolankhani akatchula 600 pamene pa kanema pakuoneka chithunzi cha sukulu, womvera amaganiza kuti masukulu 600 aukiridwa.

Pa nkhani ya manambala imeneyi NPR inachitapo chinthu chimene oidzudzula satchula kawirikawiri. Mu 2018 unduna wa zamaphunziro unali utafalitsa kuti m'chaka cha sukulu cha 2015 mpaka 2016 kuwomberana kunachitika m'masukulu pafupifupi 240. Atolankhani a NPR anaimbira foni masukuluwo limodzilimodzi ndipo anatha kutsimikiza zochitika 11 zokha. Masukulu ambiri anati palibe chinachitika, zinali zolakwika polemba mafomu. Nkhaniyi inakondweretsa oteteza ufulu wa mfuti, ndipo inachokera ku wayilesi imene iwo amati ndi mdani wawo.

Nanga mfuti zimapulumutsa anthu kangati? Kafukufuku wa Gary Kleck ndi Marc Gertz wa mu 1995 anati kokwana 2.5 miliyoni pachaka, pamene kafukufuku wa boma wofunsa anthu amene achitiridwa zaupandu amapeza chiwerengero chosapitirira pafupifupi 100,000. Kusiyana kotereku kumapatsa mkonzi aliyense mwayi wosankha nambala imene ikugwirizana ndi mtima wake. Umboni wabwino unachedwanso kupezeka chifukwa mu 1996 Congress inaletsa CDC kugwiritsa ntchito ndalama zake polimbikitsa malamulo oletsa mfuti, ndipo akatswiri ambiri anangoisiya nkhaniyo. Ndalama zapadera za kafukufukuyu, madola 25 miliyoni, zinavomerezedwa kumapeto kwa 2019.

Olembawo ndi ndani

Dandaulo loti atolankhani amachokera mbali imodzi lili ndi maziko. Kafukufuku wa atolankhani wa mu 2022, wochitidwa ndi akatswiri a ku Syracuse University, anapeza kuti 36 pa 100 ankadzitchula a Democratic, atatu kapena anayi okha a Republican, ndipo oposa theka anati alibe chipani. Ntchito za utolankhani zaunjikana ku New York, Washington ndi Los Angeles, kumene malamulo a mfuti ndi okhwima ndipo munthu atha kukula osaonapo mlenje. Izi sizitanthauza kuti amanama. Zimatanthauza kuti mafunso amene amawabwerera m'mutu ndi a munthu wakunja: n'chifukwa chiyani munthu angafune chinthu chimenechi? Mtolankhani wokulira pafamu akanafunsa funso lina.

Kale mpata umenewu unkatsekedwa ndi nyuzipepala za m'matauni ang'onoang'ono, zimene zambiri zinali ndi mlembi wa nkhani za ulenje ndi usodzi. Malinga ndi sukulu ya utolankhani ya Medill, nyuzipepala zoposa 3,000 zatsekedwa ku America kuyambira 2005, ndipo alembi oterowo ambiri anapita nazo.

Pali chochitika chimodzi chimene eni mfuti sanachiiwale. Mu Disembala 2012, patangotha masiku ochepa chichitikire chiwembu cha Sandy Hook, nyuzipepala ya The Journal News ya ku New York inaika pa intaneti mapu osonyeza mayina ndi nyumba za anthu onse okhala ndi ziphaso za mapisitolo m'maboma a Westchester ndi Rockland. Zinali zololedwa ndi lamulo, popeza ziphasozo zinali zoti aliyense atha kuziona. Koma pamndandandawo panali apolisi opuma ntchito ndi anthu amene ankabisala kwa omwe anawachitirapo nkhanza. Ogwira ntchito panyuzipepalayo anaopsezedwa, mapuwo anachotsedwa mu Januwale 2013, ndipo chilondacho sichinapole.

Mbali zonse ziwiri zinayamba kudzilembera zokha. Bungwe la National Rifle Association, limene linayamba mu 1871 ngati gulu lophunzitsa kuwombera ndipo linasanduka chimphona cha ndale kuyambira 1977, linatsegula kanema wake wa pa intaneti, NRATV, mu 2016, yemwe ntchito yake yambiri inali kudzudzula atolankhani mpaka anatsekedwa mu 2019. Mu 2015 kunabadwa The Trace, tsamba lolemba za nkhanza za mfuti zokhazokha, loyamba ndi thandizo la Everytown for Gun Safety, gulu lofuna malamulo okhwima a mfuti logwirizana ndi Michael Bloomberg, mpondamatiki amene anali meya wa New York. Mu 2021 Stephen Gutowski, mtolankhani amenenso ndi mphunzitsi wa kagwiritsidwe ntchito ka mfuti, anayambitsa tsamba la nkhani za mfuti lotchedwa The Reload. Wayilesi za anthu onse nazo zinayesa kukonza: mu 2018 wayilesi khumi, motsogozedwa ndi WAMU ya ku Washington, zinayamba ntchito ya zaka ziwiri yotchedwa Guns & America, yotumiza atolankhani kukalankhula ndi eni mfuti, ogulitsa, madokotala ndi mabanja oferedwa m'madera awo omwe.

Ulenje: nkhani imene imamveka pokhapokha pakakhala mkangano

Kuti timvetse kukhumudwa kwa alenje tiyenera kubwerera m'mbuyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyama zakutchire za ku America zinatsala pang'ono kutha chifukwa cha osaka ogulitsa nyama ndi zikopa. Njati za kumeneko, zimene zinalipo mamiliyoni ambiri, zinatsala zosafika 1,000 kutchire. Mtundu wina wa nkhunda umene unkaphimba dzuwa ukamauluka unatheratu mu 1914, mbalame yomaliza itafera kumalo osungira nyama ku Cincinnati. Ena mwa amene analimbikira kuti pakhale malamulo anali alenje okha, monga Theodore Roosevelt amene anathandiza kuyambitsa Boone and Crockett Club mu 1887. Mu 1937 kunabwera lamulo la Pittman-Robertson, limene limatenga msonkho wa 11 peresenti pa mfuti zazitali ndi zipolopolo n'kuupereka ku nthambi zosamalira nyama m'zigawo za dzikolo. Pambuyo pake anawonjezerapo 10 peresenti pa mapisitolo. Osaka abakha amagulanso sitampa ya madola 25 imene ndalama zake pafupifupi zonse zimagulira ndi kusamalira madambo. Agwape amene anatsala ochepa kwambiri mu 1900 lero alipo pafupifupi 30 miliyoni.

Alenje amanyadira mbiri imeneyi ndipo amati atolankhani a m'mizinda saidziwa. Akunena zoona pa zambiri. Koma otsutsa ulenje nawo ali ndi mfundo zimene nyuzipepala za alenje sizikonda kutchula. Popeza eni mfuti ambiri lero si alenje, gawo lalikulu la msonkho uja limachokera kwa anthu amene sanaphepo nyama. Mabungwe oyang'anira nyama m'zigawo zambiri amadzaza ndi alenje ndi alimi a ziweto, pamene okonda kungoona nyama alibe mawu. Zipolopolo za mtovu zimatsalira m'nyama zakufa n'kupha ziwombankhanga ndi miimba, mpaka California inaziletsa kotheratu posaka kuyambira 2019.

Kusiyana kwa wayilesi ya m'dera ndi ya dziko lonse kumaonekera bwino apa. Ku Wisconsin, kumene anthu oposa theka la miliyoni amalowa m'nkhalango pa masiku 9 osaka agwape mu Novembala, wayilesi imaulutsa za nyengo, za chitetezo, za matenda a ubongo amene akufalikira pakati pa agwape, ndi za nyama imene alenje amapereka kwa osauka. Ku Bethel, ku Alaska, wayilesi ya KYUK imaulutsa m'Chingerezi ndi m'chinenero cha Yup'ik, ndipo tsiku lotsegulira kusaka kapena kusodza ndi nkhani ya chakudya cha banja m'nyengo yozizira. Koma kuti ulenje wa ku Wisconsin umveke dziko lonse panafunika zimene zinachitika mu Febuluwale 2021, pamene alenje anapha mimbulu 218 m'masiku atatu pomwe malire awo anali 119, ndipo mitundu ya Ojibwe, eni nthaka a m'deralo amene amalemekeza mmbulu, inali itakana kupha gawo lake. Inali nkhani yoyenera kuulutsidwa. Kungoti womvera wa ku Boston anamva za mimbuluyo osamvapo za agwape aja. Ndipo wayilesi za kumidzi zimene zimaudziwa ulenje mwakuya ndizo zinavulala kwambiri ndalama za boma zitachotsedwa mu 2025.

Pamene nkhani za ku America zimafika ku Africa

Mu Julayi 2015 dokotala wa mano wochokera ku America anapha mkango wotchedwa Cecil kunja kwa nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe. Mkangowo unali ndi chipangizo m'khosi choikidwa ndi akatswiri a ku Oxford. Kwa masabata angapo nkhaniyi inadzaza makanema ndi nyuzipepala za ku America ndi ku Ulaya. Makampani a ndege monga Delta, United ndi American analengeza kuti sadzanyamulanso mitu ndi zikopa za nyama zikuluzikulu za ku Africa, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho boma la America linaika mikango pansi pa lamulo lake loteteza nyama zimene zili pangozi. Mawu a anthu okhala moyandikana ndi mikangoyo anamveka mochedwa komanso mochepa. Wophunzira wina wa ku Zimbabwe analemba mu New York Times kuti kumudzi kwawo mkango ndi chilombo chimene anthu amachiopa, ndipo ambiri anali asanamvepo dzina lakuti Cecil.

Kusaka nyama pofuna mutu wake wokapachika pakhoma kumanyansa anthu ambiri, kuphatikizapo alenje ena osakira ndiwo, ndipo kafukufuku ku America amaonetsa kuti anthu ambiri amavomereza kusakira chakudya koma ochepa okha amavomereza kusakira chionetsero. Pali mafunso enieni okhudza katangale pogawa ziphaso komanso kuchepa kwa ndalama zimene zimafika kumidzi. Koma palinso mayiko monga Namibia, ndi Zimbabwe kudzera m'ndondomeko ya CAMPFIRE imene inayamba mu 1989, kumene ndalama za alenje akunja zakhala zikulipira alonda a nyama ndi ntchito za chitukuko m'madera amene alendo ojambula zithunzi safikako. Botswana inaletsa kusaka mu 2014 pansi pa Pulezidenti Ian Khama, n'kubwezeretsa mu 2019 pansi pa Pulezidenti Mokgweetsi Masisi anthu akumidzi atadandaula kuti njovu zikuwononga minda ndi kupha anthu. Nyumba zofalitsa nkhani za kumadzulo zinaulutsa kubwezeretsako makamaka ngati tsoka la njovu. Mu Epulo 2024, Germany ikuganiza zokhwimitsa malamulo olowetsera mitu ndi zikopa za nyama m'dzikolo, Masisi anauza nyuzipepala ya Bild kuti ndi wokonzeka kutumiza njovu 20,000 ku Germany kuti anthu akumeneko ayese kukhala nazo.